Bokosi Loyenda Pansi pa Mudzi wa Lalopapa

Woyamba kuzindikira kuti pamanda a Pelenato pali china chake anali galu. Ku Lalopapa, monga kwina kulikonse pachilumba cha Savai'i, munthu amaikidwa pabwalo la nyumba yake, ndipo silabu ya manda ikauma imasanduka mpando wa aliyense. Ana amasewerapo, amayi amayanikapo zovala, agalu amagonapo chifukwa matailosi amazizira. Galu wa Tolotea, mkazi wa malemuyo, anagonapo masiku onse oyamba maliro atatha. Kenako tsiku lina anafika, n'kununkhiza pakona, n'kubwerera chambuyo ubweya uli nyaunyau, ndipo sanadzapondeponso.

Tolotea anagwada pakona pomwepo napeza kamng'alu kakang'ono, kosalowa ngakhale chikhadabo. Ataikapo dzanja anamva mphepo yozizira ikutuluka. Inatuluka, inaleka, kenako inayamba kukokera m'kati. Inkanunkha nyanja, pamene nyanjayo ili kutali kumunsi kwa mudzi. Anatenga vasi ya maluwa apulasitiki n'kuikhazika pamng'alupo, ndipo sanauze munthu.

Sikuti mphepo yotuluka m'nthaka inali nkhani ku Lalopapa. Mwana aliyense amadziwa kuti mudziwo unakhala pamwamba pa mphako. Phiri litasanza moto nthawi ya makolo, chiphalaphala cha mwala chinatsika kulowera kunyanja. Pamwamba pake panauma msanga, koma m'kati chinapitiriza kuyenda mpaka chinathera m'madzi, n'kusiya phanga lalitali lokhala ndi nthambi zake. Kumene denga lake linagumuka, kuthengo kuseri kwa minda ya talo, mbewu yawo yodya mizu, kuli dzenje lotulukira anamzeze m'mawa. Kumene limathera palibe akudziwa. Nkhumba ina inagweramo kumindako n'kukatulukira m'mudzi wina kugombe itaonda, ndipo eni ake anakanganirana ndi anthu a kumeneko mpaka anaidya pamodzi. Koma banja la Pelenato linkanyadira kuti malo awo okha ndi mwala weniweni mpaka pansi, ndipo ukatsutsa ankakuyang'ana ngati watukwana agogo awo.

Tolotea anali ndi chifukwa chokhalira chete. Iye kwawo kunali ku Upolu, chilumba cha kutsidya kwa nyanja, ndipo ku Lalopapa anadzera ukwati ali mtsikana. Tsopano imvi zinali zitayamba, mwana analibe, makolo ake anatha kalekale, ndipo kwawoko nyumba imene anakuliramo inali itadzaza ana a mchimwene wake. Mlongo wamkulu wa Pelenato, Leutu, ndiye anali ndi mawu pabanjapo. Mkazi ameneyu sankakweza mawu, koma akatsokomola amuna ankasiya kutafuna. Alendo a pamaliro asanathe n'komwe, iye anali atanena kale.

"Mlamu, watisungira mchimwene wathu, tathokoza. Koma amene anakubweretsa kuno wagona. Mwana wanga akubwera kuchokera kunja ku Niu Sila ndi banja lake, adzafuna denga."

"Alamu, ndiye manda azisesa ndani?"

"Tsache tili nalo."

Tolotea sankafuna munda kapena nkhumba. Ankangofuna kuti asachotsedwe pakhomo pamene mwamuna wake anagona. Mtima unkamupweteka, ndipo ankaopa kuti Leutu akamva zoti manda akupuma, apeza ndodo yomupirikitsira.

Phokoso linayamba nthawi ya sa. Dzuwa likalowa, anyamata a mudzi amaimba lipenga la chigoba, ndipo aliyense amakhala pansi pamene ali kuti apemphere. Palibe woyenda, palibe wailesi, ngakhale galimoto imaima. Ndi nthawi yokhayo imene Lalopapa amatseka pakamwa. Tolotea anali yekha pamkeka, Baibulo lili pamwendo, mdima ukulowa pakati pa mizati ya nyumba yopanda zipupayo, pamene anamva pansi pa bwalo chinthu cholemera chikukhukhuluzika. Khwee. Kenako zii. Kenako khwee, motalikirapo, ngati munthu akukoka kabati pasimenti. Lipenga lachiwiri litalira ana n'kuyamba kufuula panjira, phokosolo linamira m'phokoso la mudzi.

Madzulo otsatira silinamveke pabwalo pake. Linamveka pansi pa nyumba ya anansi, kumunsi pang'ono, ndipo mayi wa nyumbayo anadula nyimbo pakati pa vesi. Tsiku linalo linali pansi pa khitchini ya banja lina, kumunsinso. Pofika pakati pa sabata nkhani inali m'kamwam'kamwa. Ena ankati ndi nkhanu za kokonati zikukokerana chakudya, ena ankati ndi madzi, ngakhale mvula inali itadula kalekale. Koma azimayi oluka mikeka anali atawerengera kale kumene phokosolo linayambira, ndipo Tolotea akamadutsa ankamupatsa moni waulemu wopitirira muyeso.

Leutu anabwera m'mawa, nakhala pamzati pamene amakhala alendo ngati si nyumba ya mchimwene wake. Kapu ya chakumwa cha koko imene Tolotea anamupatsa sanaikhudze.

"Wamva zimene akunena?"

"Ndamva, alamu."

"Pele sakugona. Munthu woikidwa bwino sayendayenda pansi pa makhitchini a anthu. Unamukulunga ndiwe. Unaikamo chiyani m'bokosi muja?"

"Malaya ake oyera ndi mkeka umene munabweretsa inu nomwe."

"Kapena unamuuza mawu ena ali pamphasa, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti Loweruka kuli sitima yopita ku Upolu. Longedza."

Tolotea analongedzadi. Anapinda zovala, namanga Baibulo ndi chithunzi cha ukwati m'nsalu, akulira mwakachetechete kuti anansi asamve. Madzulo amenewo phokoso silinachite kukhukhuluzika pang'onopang'ono monga kale. Linayenda. Linamveka pansi pa golosale mpaka mabotolo analira n'kugwa pashelefu, ndipo lipenga lisanalire kachiwiri linali litafika pansi pa tchalitchi. Abusa, amene anali atalalikira dzulo lake kuti Mkhristu saopa nkhanu, anapezeka ataima panja pakapinga opanda nsapato.

Tsopano anthu sankapempheranso nthawi ya sa. Ankagwada ndithu, koma khutu lili pansi. Achikulire anayamba kukumbutsana kumene phanga limadutsa, zimene anamva kwa makolo awo, ndipo phokoso linkawavomereza nyumba ndi nyumba. Anthu amene anakhala moyo wawo wonse akulumbira kuti anamanga pamwala anadziwa madzulo amenewo kuti pansi pa bedi lawo palibe kanthu.

Leutu analamula kuti manda atsegulidwe. Ndi mwambo wakale: wakufa akavuta, abale amamufukula, n'kumudzoza mafuta a kokonati, n'kumukulunga mwatsopano, n'kumufunsa chimene chamukwiyitsa. Koma aliyense ankaona kuti Leutu akufuna mudzi wonse uone chimene mlamu wake anabisa m'bokosi. Mmodzi yekha ndiye anakana, Saipele, mng'ono wa Pelenato, amene anatsogolera okumba manda. Anali chimunthu chachikulu chokonda kuseka, koma sabata imeneyo anali ataonda m'maso.

"Achemwali, simenti ija ndi yokwera mtengo. Tingoitana abusa apemphere."

"Abusa ake ati, othamanga aja? Tenga hamala."

Anaswa silabu Lachisanu m'mawa, mudzi wonse utaima kuzungulira mpanda. Chidutswa chachikulu chitachoka, mphepo yozizira inawomba nkhope za amuna okumbawo, ndipo onse anabwerera m'mbuyo. Munalibe bokosi. Pansi pa manda panali dzenje lakuda, m'mphepete mwake mukulendewera lata lopindika.

Leutu sanalire. Anatembenuka pang'onopang'ono nayang'ana Saipele.

"Lata ili ndi la khola lako la nkhumba."

Saipele anakhala pansi pafumbi ngati mwana, nayamba kufotokoza. Ku Lalopapa manda sakumbidwa ndi khasu. Amawotcha matayala pamwala mpaka ufiire, n'kuthirapo madzi kuti ung'ambike, n'kumaswa ndi mgwala, chitsulo chachitali chokumbira, kenako n'kuwotchanso. Wokumba amamvera kulira kwa mgwala: ukalira mouma pansi ndi pabwino, ukalira ngati ng'oma umasiya n'kukayamba pena. Tsiku lija mgwala unalira ngati ng'oma, ndipo asanaganize kawiri unaboola n'kumupulumuka m'manja. Sanaumve ukugwa. Koma abusa a midzi yonse anali atakhala kale m'nyumba, nkhumba zitapsa, alendo ochokera kunja akuyang'ana mawotchi. Nanga akanapita kukauza Leutu pamaso pa anthu onsewo kuti malo a banja lawo ndi mphako? Anayala lata, nathira timiyala, ndipo anzake okumba nawo anayang'ana kumbali.

"Silabu italemera ndinadziwa kuti lata silipirira," anatero. "Nditaona galu akukana, ndinakalowera kudzenje la anamzeze ndi chingwe. Ndinalipeza bokosi lili gone, losasweka. Ndinati ndilikoke nthawi ya sa, panjira popanda munthu, ndikalitulutsire kuthengo, ndidzaone chochita."

Mitima ya anthu inakhala pansi. Wina anaseka, ndipo kuseka kunafalikira mpanda wonse. "Ha, Saipele! Mzukwa wake ndiwe?" anafuula mwini golosale. "Ubweze mabotolo anga aja, chigawenga iwe!" Abusa anaseka kuposa onse.

Saipele yekha ndiye sanaseke.

"Ndinakoka madzulo oyamba okha," anatero motsitsa mawu. "Ndinkakokera kumtunda, kumene ndinalowera. Linangosuntha pang'ono, chingwe n'kuduka, ine n'kuthawa. Sindinabwererekonso."

Kuseka kunatha. Aliyense ankadziwa kuti phokoso linalowera kumunsi.

Anabweretsa makwerero ndi matochi. Amuna ankayang'anana kuti ayambe ndani, ndipo Tolotea anamanga nsalu yake mwamphamvu n'kuponda makwerero. Leutu anamugwira mkono.

"Ukupita kuti iwe?"

"Kukafuna mwamuna wanga, alamu. Sitima ndi mawa. Lero ndikadali mkazi wa pakhomo pano."

Leutu anamusiya, kenako anavula nsapato n'kutsika pambuyo pake. Saipele ndi amuna ena anatsatira chifukwa cha manyazi.

Pansipo kunali kotakasuka moti basi ikanadutsa. Kunja kunali dzuwa la m'mawa, koma atangochoka pansi pa dzenje mdima unawatsekera ngati chitseko, ndipo tochi inkaunika pamene yaloza pokha. Zipupa zinali zosalala, zonyezimira, ndi mizere yaitali yosonyeza pamene chiphalaphala chinkafika chisanaphwe. Kudenga kunkalendewera timiyala tosongoka, timene tinadontha tili totentha n'kuumira pomwepo, ndi mizu yoyera ya mitengo ya m'mudzi imene inaboola mwala kufuna madzi. Pansi panali pouma gwaa, pokutidwa ndi fumbi lakuda. M'fumbimo munali mapazi a Saipele, obwera ndi othawa, onse a kumtunda. Kumunsi kunalowera mizere iwiri yowongoka, yotalikirana ngati m'lifupi mwa bokosi, ndipo pambali pake panalibe phazi la munthu kapena la nyama.

Anailondola. Phanga linkapuma lokha: mphepo inkawawomba kumaso, n'kuleka, n'kuwakoka kumsana, molingana ndi mafunde akutali. Pamwamba pawo ankamva mudzi wawo womwe ngati akuumvera m'tulo. Anamva mayi akupala kokonati, anamva injini ya firiji ya m'golosale, anamva tambala. Pena denga linkatsika mpaka ankayenda chowerama, pena linkakwera tochi osalipeza. Tolotea ankaopa, koma ankaopa kwambiri kukwera sitima asanadziwe kumene Pele ali.

Patsogolo pa tchalitchi phanga linagawikana. Nthambi ya kumanzere inali yotsetsereka, yonunkha mchere, ndipo mkokomo wa nyanja unkamveka momwemo. Chinthu chilichonse chogubuduzika chokha chikanalowera kumeneko. Mizere ija inakhota bwinobwino n'kulowa kumanja, m'nthambi yopapatiza imene inkakwera pang'ono. Saipele anaima.

"Iyi sindikuidziwa," ananong'ona. "Achemwali, tibwerere."

"Khala chete. Unalankhula kale ndi lata lako."

Anayenda mpaka matochi anayamba kufiira. Kenako pamwamba panadutsa chinthu cholemera, fumbi linagwa kudenga, ndipo anamva nyimbo za m'basi zikubwera n'kupitirira. Anali pansi pa msewu waukulu. Nthambiyo inkatsata msewu, kulowera kum'mawa, kumene kuli doko la Salelologa.

Bokosi analipeza pamenepo, pakati penipeni pa njira, chivindikiro chili chokhomeka, kachidutswa ka chingwe kakulendewera kumbuyo. Kutsogolo kwake fumbi linali losakhudzidwa, ndipo phanga linkapitirira mumdima.

Leutu anagwada. Kwa nthawi yoyamba chiyambire maliro, mawu ake ananjenjemera.

"Pele. Pelenato, mwana wa mayi anga. Malo a bambo ako wawasiya kumbuyo. Ukupita kuti?"

Mphepo inatuluka, inaleka, inakokera m'kati. Amene anayankha anali Tolotea, ndipo anayankha ngati akunena za munthu amene wapita kumunda.

"Akupita kudoko, alamu. Munati ndikwere sitima Loweruka. Iye ndi wolemera, ndiye walawira."

Amuna ananyamula bokosi kubwerera nalo, ndipo onse anati linali lopepuka kuposa tsiku la maliro, ngakhale ena anadzasintha mawu pambuyo pake. Manda atsopano anakumbidwa kuseri kwa mtengo wa zipatso wa ulu, pamene mgwala unalira mouma, ndipo Leutu anaimirira pomwepo kumvetsera yekha kumenya kulikonse. Anathira simenti pansi ndi m'mbali momwe.

Loweruka kusanache bwino, Tolotea anakweza chotchinga cha pakati pa mizati ya nyumba napeza munthu atakhala pabwalo, atadzifunda mkeka waulemu kumutu. Ndi mmene banja limapepesera banja lina pa mlandu waukulu, ndipo wopepesayo sadzuka mpaka wolakwiridwa atamuvundukula. Palibe amene anali ataonapo mwini malo akuchitira zimenezi mkazi wodzera ukwati. Tolotea anamusiya pang'ono kuti dzuwa limuwombe, pakuti naye anali munthu, kenako anapita kukachotsa mkekawo.

"Masula katundu wako, mlamu," anatero Leutu osadzutsa nkhope. "Nyumba ndi yako mpaka udzagone pambali pake."

Tolotea anasangalala, ndipo sanabise. Madzulo amenewo nthawi ya sa mudzi wonse unatchera khutu, ndipo kunamveka nkhululu zokha.

Panapita miyezi. Mwana wa Leutu anamanga kwina, Saipele anayambanso kuseka, ndipo anthu ankanena nkhaniyo pomwa chakumwa chawo cha kava, aliyense ndi malongosoledwe ake. Tsiku lina Tolotea anakwera basi kupita kumsika wa ku Salelologa kukagula nsalu ya yunifolomu ya kwaya. Basi yobwerera inafa panjira, ndipo anagona kwa mnzake wa kutchalitchi. Anafika m'mawa, natsika pamsewu ndi kathumba kake, n'kupeza banja lonse litakhala kuzungulira manda, maso ali psuu. Silabu yatsopano ija inali itang'ambika kuchokera pakati mpaka kumapeto oloza kumsewu. Saipele anali atakhala pamwamba pake, pamodzi ndi amuna ena olemera thupi, ndipo zinkaoneka kuti sanadzukepo chiyambire dzulo.

Leutu anamuchingamira, namulandira kathumba ndi manja awiri.

"Mlamu, ukasowa kanthu uzituma. Mchere, nsalu, mankhwala, chilichonse. Ana alipo. Iwe usamachoke."

Kuyambira pamenepo Tolotea sanasowe kanthu. Nsomba yabwino inkayamba kufika kwa iye, denga likadontha linkakonzedwa tsiku lomwelo. Koma akangoyenda kulowera kumsewu nthawi ya basi, pankapezeka wachibale ataima pamenepo, akumwetulira, akufunsa ngati pali chimene angakamugulire. Chaka chotsatira kunabwera uthenga kuti mchimwene wake, m'bale yekhayo amene anatsala naye, wamwalira ku Upolu. Tolotea anatulutsa chikwama, nachiyang'ana, nayang'ana mtengo wa ulu, n'kuchibwezera pansi pa bedi. Mkeka wa chipepeso cha maliro anakapereka ndi Saipele.

Tsiku loika maliro a mchimwene wakeyo, lipenga la sa litalira, Tolotea anatuluka nakakhala pasilabu, nkhope italoza kunyanja kumene kuli Upolu. Analira kwambiri. Kenako anapukuta misozi, nasisita matailosi ndi chikhatho.

"Ndili pompano, Pele," anatero. "Gona."